Kuphunzitsa kagalu kukodzera panja: momwe ntchito yayendera kuyambira masabata 8 mpaka miyezi 7

Zolemba izi ndi za kagalu kamodzi kamphongo, kamtundu wamba wa kuno kosakanikirana ndi German Shepherd, komwe kakukulira pa nyumba ya mpanda mumzinda wa Lilongwe. Dzina lake ndi Simba. Eni ake akufuna kuti azigona m'nyumba usiku, choncho cholinga cha ntchitoyi n'chakuti azikodza ndi kuchita chimbudzi pamalo amodzi panja, ndipo zikamupana azitha kudziwitsa munthu. Nyumbayo ndi ya simenti yopaka polishi wofiira, ili ndi khonde kumbuyo ndi kabwalo ka dothi. Pakhomo pali akulu awiri opita kuntchito, ana awiri apasukulu ndi mayi wothandiza ntchito amene amakhalapo usana wonse. Anthuwa tawatchula dala. Kagalu ka miyezi iwiri sikangathe kudzigwira nthawi yaitali ngakhale katafuna bwanji, ndiye pamasabata oyamba amene ayenera kugwira ndondomeko ndi anthuwo.

Masabata 8, kumayambiriro kwa Novembala

Simba wafika akulemera makilogalamu 4, atabayidwa kale katemera woyamba wa parvo ndi matenda ena a ana agalu. Tsiku loyamba lathera pa kukonza pogona, pokodzera ndi nthawi.

Pogona ndi kakhola ka waya kokhala ndi chitseko. N'kotalika masentimita 90, kolingana ndi msinkhu umene adzafike akakula, koma pakadali pano tatchinga pakati ndi thabwa kuti malo otsala akhale ongokwanira kuimirira, kutembenuka ndi kugona atatambasula miyendo. Galu mwachibadwa safuna kuipitsa pamene amagona, ndipo ana agalu amayamba okha kuchoka pogona kukakodzera pambali akakwanitsa pafupifupi masabata atatu. Khola likakulitsa, kagalu kamagona mbali ina n'kusandutsa mbali inayo chimbudzi, chibadwa chija osathandizanso kanthu. Amene alibe khola la waya angathe kukhoma la matabwa ndi waya wolimba, bola mphepo izilowa mbali zonse, pajatu mwezi wa Novembala ku Lilongwe kumatentha. Kholali silopatsira chilango, ndipo masana kagalu ka msinkhu uwu kasapitirire maola awiri mkatimo.

Pokodzera tasankha pangodya ya mpanda, malo a mamita awiri mulitali ndi awiri mulifupi, kutali ndi khitchini, chingwe choyanikira zovala ndi posewerera ana. Pamawomba dzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo sipafika galu wachilendo. Kachilombo ka parvo kamatuluka m'chimbudzi cha galu wodwala n'kukhala m'dothi miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka, choncho Simba satuluka kunja kwa geti mpaka atamaliza katemera pa masabata 16.

Chakudya ndi kanayi patsiku: 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana ndi 6 koloko madzulo. Mbale imakhala pansi mphindi 15, kenako imachotsedwa, kaya wamaliza kaya sanamalize. Kusiya chakudya m'mbale tsiku lonse kumasokoneza ntchito yonse, chifukwa chimbudzi chimatsatira chakudya. Ana agalu ambiri amachita chimbudzi pakati pa mphindi 5 ndi 30 atadya, ndipo kudya kukakhala kopanda nthawi, simungadziwe nthawi yomutulutsira. Madzi amakhalapo usana wonse, amachotsedwa kutatsala ola limodzi ndi theka kuti anthu agone. Usiku wotentha kwambiri sachotsedwa. Ndi bwino munthu adzuke kowonjezera kusiyana n'kumana kagalu madzi.

Amatulutsidwa akangodzuka, akangodya, akangomaliza kusewera, komanso ola lililonse pamene ali maso. Ophunzitsa agalu ambiri amawerengera kuti kagalu kamadzigwira maola ofanana ndi miyezi yake, kuwonjezerapo limodzi. Kwa ka miyezi iwiri ndi maola atatu, komatu zimenezo ndi pamene kagona kapena kakhala phee. Kakamathamanga, mkodzo umabwera ngakhale pakangotha mphindi 20. Usiku anthu amagona 10 koloko, ndipo alamu ya foni yatcheredwa pa 1 koloko ndi pa 4 koloko.

Potuluka amanyamulidwa m'manja mpaka pamalopo, chifukwa akayenda yekha amakodzera panjira. Akafika amakoledwa chingwe, ndipo munthu amaima malo amodzi, osalankhula, osasewera naye. Akayamba kukodza, munthuyo amanena liwu limodzi motsitsa, "kodza". Akangomaliza, pasanathe masekondi atatu, amalandira kachidutswa ka chiwindi chowiritsa kosaposa njere ya chimanga. Liwu ndi lomwelo kwa aliyense pakhomo, ndi ana omwe. Pakhoma la khitchini pamatidwa pepala lolembapo nthawi ya kudya, ya kukodza, ya chimbudzi, ndiponso nthawi ndi malo pamene waipitsa m'nyumba.

Masabata 9

Pepala la pakhoma lathandiza kale. Simba akuipitsa m'nyumba katatu kapena kanayi patsiku, ndipo pafupifupi konseko kukugwera pa nthawi ziwiri. Yoyamba ndi m'mawa: woyamba kudzuka amatsegula khola, n'kupita kukatereka madzi pamoto poganiza kuti abwera pompano, pobwera n'kupeza chithaphwi pakhomo la khitchini. Yachiwiri ndi pakati pa 4 ndi 6 koloko madzulo ana akaweruka kusukulu, pamene masewera amakula ndipo aliyense amayesa kuti mnzake ndi amene akuyang'anira galu.

Zasinthidwa motere. Khola silitsegulidwa munthu asanavale nsapato ndi kutsegula chitseko chakumbuyo. Madzulo masewera amadulidwa mphindi 15 zilizonse, galu n'kupita naye pangodya paja. Akakhala kunja kwa khola m'nyumba, amakhala pachingwe cha mamita awiri chomangidwa m'chiuno mwa munthu kapena kumwendo wa tebulo pafupi naye, kuti pasakhale nthawi imene ali yekha kuseri kwa mpando. Onse aphunzitsidwa zizindikiro: kununkhiza pansi mofulumira, kuzungulirazungulira, kusiya masewera mwadzidzidzi, kulowera kobisika. Zikaoneka, mwatsala ndi masekondi ochepa.

Vuto lina linali pa chiwindi. Ana ankamupatsa atabwerera m'nyumba, chifukwa mbale ya chiwindi inkakhala kukhitchini. Galu amagwirizanitsa mphotho ndi chimene wangochita kumene, ndiye Simba ankalipiridwa chifukwa cholowa m'nyumba, n'kuyamba kufulumira kubwerera asanamalize kukodza. Tsopano tizidutswa timakhala m'kabotolo kotsekedwa pafupi ndi chitseko, ndipo wotuluka naye amatenga asanatuluke.

Pali chizolowezi chofala chokanikiza mphuno ya kagalu mumkodzo kapena kukakwapula ndi patapata. Pakhomo pano chaletsedwa, ndipo tikupempha aliyense woweta galu achisiye. Kagalu sikangagwirizanitse kumenyedwa ndi mkodzo umene kanakodza mphindi zisanu zapitazo. Chimene kamaphunzira n'chakuti kukodza munthu akuona n'koopsa, ndiye kamayamba kukabisala kuchipinda kapena pansi pa bedi, ndipo mukapita nako panja pachingwe kamadzigwira chifukwa muli pomwepo. Kuweramitsa mutu ndi kupinda mchira kumene anthu amati galu wadziwa kulakwa kwake ndi mantha oona nkhope ndi mawu a munthu wokwiya. Mukamupeza ali mkati mokodza, ombani m'manja kamodzi kapena itanani dzina lake, mumunyamule, akamalizire panja, alandire chiwindi. Mukapeza zitachitika kale, palibe chomuuza. Tsukani, lembani papepala, funsani kuti ola limenelo anali ndi ndani.

Kutsuka kwafuna chidwi kuposa momwe eni nyumba amaganizira. Galu amabwerera pamene pali fungo la mkodzo wake, ndipo simenti imamwa madzi, makamaka pamene polishi wachoka kapena pali ming'alu. Kukolopa kumangofalitsa fungolo chipinda chonse. Choyamba mkodzo umamwetsedwa ndi nyuzipepala kapena chisanza, kudinda osati kupukuta. Kenako pamathiridwa madzi ozizira n'kumwetsanso. Ndiye viniga woyera wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, asiyidwe mphindi 10, aumitsidwe, pawazidwe soda wophikira, agone usiku, m'mawa asesedwe. Mankhwala otsukira okhala ndi ma enzyme, amene amapezeka kwa madokotala a ziweto ena ndi m'masitolo akuluakulu, amagwira bwino koposa chifukwa amaphwanya zotsalira za mkodzo, koma ayenera kukhala pamalopo nthawi yonse imene yalembedwa pabotolo. Zotsukira zokhala ndi ammonia musagwiritse ntchito, chifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo ndipo limamuitana. Jik ndi wa pamene galu wachita chimbudzi, makamaka akatsekula m'mimba: mukachotsa ndi kutsuka ndi sopo, thirani muyeso umodzi wa Jik pa miyeso 30 ya madzi, mudikire mphindi 10. Musathire Jik pamkodzo wosatsuka, ndipo musamusakanize ndi viniga, chifukwa zonse ziwiri zimatulutsa mpweya wopweteka m'maso ndi m'chifuwa. Polishi adikire mpaka pamalopo pataumiratu.

Mkeka wa pabalaza ndi kakapeti ka pakhomo zapindidwa n'kusungidwa mpaka mtsogolo. Chisanza chimodzi cha mkodzo chaikidwa pangodya ya mpanda kwa masiku atatu kuti fungo limukokere kumeneko.

Masabata 10 ndi 11

Zinayamba kuyenda bwino, kuipitsa m'nyumba kutatsika kufika kamodzi patsiku, kenako mwadzidzidzi chimbudzi chamadzi m'khola usiku masiku awiri otsatizana. Kagalu kamene kanali kosaipitsa pogona kakayamba kutero, yambani mwayang'ana m'mimba musanaganize za maphunziro. Apa choyambitsa chinali mkaka wa ng'ombe ndi msuzi wa ndiwo zotsala. Ana agalu ambiri akasiya kuyamwa sagaya bwino mkaka wa ng'ombe, mafuta ambiri amatsekula m'mimba, ndipo anyezi wa mundiwo amaononga magazi a galu. Zonsezi zachotsedwa. Kwa masiku awiri wadya mpunga wowiritsa ndi nyama ya nkhuku yopanda khungu ndi mafupa, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Kagalu ka msinkhu uwu sikasalitsidwa kudya. Zikanakhala kuti pali kusanza, magazi m'chimbudzi, kufooka kapena kukana chakudya, kukanakhala kupita kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, chifukwa ndi mmene parvo amayambira, ndipo amapha msanga pothetsa madzi m'thupi.

Kusintha chakudya kuchitike pa masiku 7: masiku awiri gawo limodzi la magawo anayi likhale chatsopano, masiku awiri theka, masiku awiri magawo atatu, kenako chonse. Kumene galu amadya nsima, dziwani kuti nsima yambiri, makamaka ya mgaiwa kapena yosakaniza gaga, imachulukitsa chimbudzi ndi maulendo ake, ndipo payokha sikwanira kagalu kokula popanda nyama, usipa kapena mazira.

Wamwanso mankhwala a njoka za m'mimba. Ndondomeko yake ndi masabata awiri alionse mpaka masabata 12, mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, kenako miyezi itatu iliyonse. Mlingo umatengera kulemera, choncho amayezedwa nthawi iliyonse: munthu amakwera pasikelo atamunyamula, n'kuchotserapo kulemera kwake. Njoka zikatuluka m'chimbudzi tsiku lotsatira, ndiye kuti mankhwala agwira. Chimbudzi chimatoledwa pangodyapo tsiku lililonse ndi fosholo yakeyake. Mazira a njoka yotchedwa Toxocara amafuna masabata awiri kapena kuposerapo m'dothi kuti afike poti n'kudwalitsa, ndipo amadwalitsa ana amene amasewera pansi n'kuika zala m'kamwa, ndiye kutola tsiku ndi tsiku kumadula njira imeneyo. Kotaya ndi m'chimbudzi chokumba kapena m'dzenje lakuya lokwirira, osati m'dimba la masamba.

Bulangeti la m'khola lachapidwa ndipo khola latsukidwa ndi Jik wosungunula. Kagalu kakagona pazonyansa kangapo kamazolowera, ndipo kubwezeretsa ukhondo umenewo kumavuta kuposa kuphunzitsa koyamba. Pamasiku otsekula m'mimba wagona pamalo otchinga a pakhonde la m'kati, khola lili lotsegula, pansi payalidwa nyuzipepala.

Masabata 12, kumayambiriro kwa Disembala

Wabayidwa katemera wachiwiri wa parvo komanso wa chiwewe, amene amayamba pa miyezi itatu. Ku Lilongwe katemera amapezeka kuchipatala cha ziweto cha LSPCA ndi kwa madokotala ena a ziweto, ndipo ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu ambirimbiri kuyambira 2015, pofuna kufikira agalu 70 pa 100 alionse. Kagalu kamene kamanyamulidwa ndi ana kangapo patsiku kasadikire kampeni. Khadi la katemera lasungidwa pamodzi ndi pepala la pakhoma.

Chakudya chatsika kufika katatu: 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 6 koloko madzulo. Masana akutulutsidwa maola awiri alionse. Alamu ya usiku yatsala imodzi, ya 2 koloko, ndipo ikusunthidwa mphindi 15 kupita kutsogolo masiku awiri alionse ngati khola lapezeka louma.

Mvula yayamba, ndipo yabwera ndi vuto lodziwika bwino. Simba akafika pamatope amaima, kunyamula phazi, kukokera kunyumba, ndipo akangolowa amakodza pasimenti youma. Munthu wonyowa amafulumira kunena kuti galu alibe mkodzo. Lamulo tsopano ndi ili: panja mphindi zisanu. Akapanda kuchita kanthu, sabwerera kukayendayenda m'nyumba, amalowa m'khola mphindi 10 mpaka 15, kenako amatulukanso. Zimabwerezedwa mpaka atachita, ndipo ufulu wa m'nyumba umabwera akakodza basi. Ambulera ndi tochi zapachikidwa pafupi ndi chitseko. Pangodya paja paikidwa lata limodzi pamitengo inayi kuti theka la malowo lisamanyowe, ndipo pa masiku a mvula chiwindi chikuperekedwa tizidutswa titatu m'malo mwa kamodzi.

Masabata 14

Pamimba ndi pakati pa zala za Simba pawoneka tizotupa tolimba, chilichonse chili ndi kabowo pakati. Ndi mphutsi. Zimachokera ku ntchentche imene asayansi amaitcha Cordylobia anthropophaga, yomwe imachuluka nthawi ya mvula. Ntchentcheyi siikira pathupi pa galu. Imaikira mazira pamchenga kapena dothi la pamthunzi limene lili ndi mkodzo kapena chimbudzi, ndiponso pansalu zonyowa. Mazira amaswa m'masiku ochepa, timphutsi timatha kudikira pansi pafupifupi masabata awiri, ndipo galu akagona kapena kuponda pamenepo timaboola khungu n'kukulira mkati masiku 8 mpaka 12. Lata lotchinga mvula lija linapanga mthunzi padothi la mkodzo, malo enieni amene ntchentcheyi imafuna, ndipo Simba anali atayamba kugona pansi pake masana.

Pochotsa, pakabowo pamapakidwa Vaseline wambiri kuti mphutsi isowe mpweya. Pakatha mphindi zingapo imasuzumira, ndipo imafinyidwa pang'onopang'ono kuchokera m'mbali kuti ituluke yathunthu. Ikaphulikira mkati pamatupa n'kuchita mafinya. Bala limatsukidwa ndi madzi amchere kapena iodine wosungunula. Zikakhala zambiri, zili pafupi ndi maso, kapena zikadali zazing'ono zosafinyika, imeneyo ndi ntchito ya dokotala. Mphutsi zomwezi zimalowanso anthu, n'chifukwa chake zovala zoyanika panja zimasitidwa.

Pamalopo pasinthidwa. Dothi lapamwamba lachotsedwa masentimita 5, n'kuthirapo miyala ya kwale yaing'ono imene siisunga madzi. Lata likuchotsedwa tsiku lililonse lopanda mvula kuti dzuwa liwombe, chifukwa mazira ndi timphutsi sizipirira dzuwa ndi kuuma. Akamaliza kukodza amachotsedwapo nthawi yomweyo, sipogona. Bulangeti limayanikidwa pachingwe padzuwa, osati paudzu, kenako limasitidwa. Kusintha kwa pansi kunamudodometsa masiku awiri, popeza ana agalu amazolowera mtundu wa pansi pamene amakodzera, ndiye mbali imodzi inasiyidwa ya dothi mpaka atayamba kuponda miyala yekha.

Masabata 15 mpaka 17, Khirisimasi ndi chaka chatsopano

Alendo achuluka, ndipo pawoneka timikodzo tatsopano pakhomo lolowera: Simba amathamangira mlendo, kugwedeza mchira, n'kudontheza, nthawi zina atagona chagada. Uku si kuiwala maphunziro. Ndi kukodza kwa chisangalalo kapena kwa kudzichepetsa, ndipo kagalu sikadziwa n'komwe kuti kakukodza. Kukalipira kumakulitsa vutoli, chifukwa kamawonjezera kudzichepetsa. Alendo akupemphedwa kuti asamuyang'ane, asamuweramire ndipo asamugwire mphindi zoyamba, kenako anjute n'kumusisita pachifuwa. Moni amachitikira pabwalo, ndipo ngati nthawi ya mlendo ikudziwika, amakodzetsedwa mlendoyo asanafike. Ana agalu ambiri amasiya okha akamakula.

Usiku wa makombola watulutsidwa kukadali kowala komanso phokoso litatha, ali pachingwe nthawi zonse. Kagalu kakadzidzimutsidwa kali mkati mokodza kamatha kuopa malowo masiku angapo.

Khonde lakhala vuto lalikulu pa nyengo imeneyi. Chitseko chikasiyidwa chotsegula chifukwa cha anthu olowa ndi kutuluka, Simba amatuluka yekha n'kukodza pakhonde, chifukwa kwa iye kutuluka pakhomo ndiye kufika panja, ndipo sanaperekezedwe kuti alandire mphotho pangodya. Chitseko chotsegula chimabisanso chinthu china: galu saphunzira kupempha, ndipo tsiku limene chatsekedwa amakodza pafupi nacho. Tabwerera ku chingwe ulendo uliwonse, kudutsa pakhonde mothamanga osaima. Khonde latsukidwa ndi viniga, ndipo chakudya cha masana chikuperekedwa pamenepo, popeza galu sakonda kukodza pamene amadyera.

Kupempha kwayamba kuphunzitsidwa. Kabelu kapachikidwa pachitseko pa msinkhu wa mphuno yake. Ulendo uliwonse wokakodza, kachidutswa ka chiwindi kamagwiridwa kuseri kwa belu, akaligunda ndi mphuno chitseko chimatseguka. Pasanathe sabata anayamba kuliza yekha, ndipo monga zimakhalira, anayambanso kuliza pofuna kukasewera. Belu likalira amatuluka ndithu, koma pachingwe, molunjika pangodya, mphindi zitatu, akapanda kuchita kanthu n'kubwerera. Kulinyalanyaza ngakhale kamodzi pa nthawi ino kumagwetsa zonse.

Katemera wachitatu wabayidwa pa masabata 16. Thabwa la m'khola lasunthidwa kachiwiri. Akugona kuyambira 10 koloko mpaka 5 koloko m'mawa osadzuka.

Miyezi 5, Febuluwale

Masabata atatu otsatizana osaipitsa m'nyumba. Zipinda zikutsegulidwa chimodzichimodzi, chilichonse atadyeramo ndi kuseweramo kangapo munthu alipo, chifukwa chipinda chimene salowamo kawirikawiri amachiona ngati kunja. Mkeka wabwerera pabalaza. Chiwindi chikuperekedwa mwa apo ndi apo, koma mawu oyamikira ndi nthawi zonse. Eni nyumba auzidwa zizindikiro za matenda a chikhodzodzo, kuti asazazisokoneze ndi kubwerera m'mbuyo: kukodza pafupipafupi timikodzo tochepa, kudzikakamiza, magazi mumkodzo, kudzinyambita kumaliseche kosalekeza, kapena kumwa madzi mopitirira. Zimenezi zimafuna kuyezetsa mkodzo, ndipo maphunziro sangazithetse.

Miyezi 6 mpaka 7, Malichi ndi Epulo

Simba akulemera makilogalamu 19, akudya kawiri patsiku, ndipo wayamba kukweza mwendo. Kawiri papezeka timadontho m'nyumba, koyamba pathumba la chimanga lobwera kuchokera kumudzi, kachiwiri patayala la njinga ya mlendo. Kusiyana kwake ndi kukodza wamba n'koonekeratu: mkodzo ndi wochepa, uli pachinthu choimirira, ndipo chinthucho ndi chachilendo kapena chili ndi fungo la galu wina. Uku ndi kuika chizindikiro, kumene agalu amphongo amayamba akatha msinkhu, ndipo kumachitika ngakhale chikhodzodzo chili chopanda kanthu, choncho kumutulutsa kawirikawiri pakokha sikuthetsa.

Katundu wachilendo akuikidwa pamwamba kapena m'chipinda chotseka tsiku loyamba. Pamene pali alendo, chingwe cha m'chiuno chabwereranso. Akayamba kununkhiza chinthu choimirira n'kutembenuzira mbali, amaitanidwa asanakweze mwendo n'kupita naye panja. Pangodya paja pakhomedwa chipika chofika m'bondo kuti akhale ndi pokwezera mwendo povomerezeka, ndipo wachilandira msanga. Poyenda kunja kwa geti amaloledwa kuika chizindikiro pamalo awiri kapena atatu, osati pageti lililonse.

Za kuthena zakambidwa ndi dokotala. Kuthena kumachepetsa kuika chizindikiro kwa agalu ambiri, ngakhale si onse, ndipo kumathandiza kwambiri chizolowezi chisanakhazikike. Komabe kwa agalu amitundu ikuluikulu madokotala ambiri amalangiza kudikira mpaka mafupa atakhwima, chapafupi ndi chaka. Popeza Simba ali ndi magazi a German Shepherd ndipo vutoli likugwirika, agwirizana kuti aonanenso akakwanitsa miyezi 10.

Pakali pano masana akudzigwira maola anayi kapena asanu, ndipo sakusiyidwa kupitirira pamenepo. Usiku akufika maola asanu ndi atatu. Belu akuliza yekha pafupifupi maulendo onse. Tidzamuwerengera kuti waphunzira akatha masabata 8 otsatizana opanda mkodzo kapena chizindikiro m'nyumba, ndipo kuwerenga kwayambiranso pa tsiku la njinga lija. Zotsala ndi ziwiri. Chitseko cha khola chiyamba kusiyidwa chotsegula usiku, koyamba m'chipinda chimodzi chotseka chopanda mkeka. Kenako pali ulendo wa kwa achibale ku Dedza, kumene adzayambira ngati wa masabata 8 kwa masiku awiri oyamba: chingwe, ngodya imodzi yosankhidwa akangotsika galimoto, chiwindi m'thumba, ndipo belu ndi khola zidzapita nawo.